Apongozi a Samueli M'munda wa Maluwa

Samueli ankagwira ntchito yothirira m'munda woyeseramo mbewu ndi mitengo kufupi ndi ku Chitala, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itangotha. Ine ndinali mlonda wa pachipata. Samueliyo anali munthu wamfupi, mapewa ake atalimba ndi mtengo wonyamulira zidebe.

Mkazi wake Enifa ndi mwana wawo Dailes ankakhala kunyanja, kwa amayi a Enifa. Samueli anapempha chitengwa kuti mkazi adzakhale naye kuno, koma apongozi ake anakana. Amuna a kwawo onse anali asodzi. Munthu wothirira maluwa osadyedwa, iwo ankati, adzadyetsa chiyani banja?

Ndiye Lamulungu lina Samueli anabwera nawo apongoziwo, pamodzi ndi Enifa ndi Dailes, kuti adzaone okha.

Samueli ankayenda patsogolo patali, chipewa chili m'manja, pakuti mkamwini sayandikana ndi apongozi ake kapena kulankhula nawo maso ndi maso. Mawu onse ankadzera mwa Dailes, yemwe anali atangoyamba kumene kuyenda.

"Dailes, uwafunse bambo ako. Mtengo uwu timadyako chiyani?" anafunsa apongoziwo.

"Dailes, uwauze agogo kuti ndi wamthunzi chabe," anayankha Samueli akuyang'ana kumbali. "Unachokera ku India."

"Ulendo wonsewo kudzangopereka mthunzi? Mikuyu yathu yatha?"

Enifa anabisa pakamwa ndi nsalu. Dailes anali kalikiliki kuthamangitsa gulugufe, kugwa, kudzuka, kugwanso.

Samueli anawaonetsa mizere ya thonje, malalanje, ndi mango omezanitsa, aafupi koma olemedwa ndi zipatso. Pamangopo mayiwo anaima nthawi yaitali. 

Masana anakhala pansi kuti adye chinangwa chophika ndi usipa. Samueli anatenga chake n'kukakhala yekha kuseri kwa mpanda wa maluwa. Pafupi ndi amayiwo panali chitsamba cha maluwa achikasu, chobereka tizipatso tobiriwira. Chaka chapitacho mbuzi ya kapitawo inadya tizipatsoto n'kufa tsiku lomwelo. Antchito tonse tinkadziwa. Alendowo sankadziwa.

Dailes anatola kamodzi, nakakhala pamiyendo ya agogo ake, n'kuponya m'kamwa.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe, koma Samueli anali atadumpha kale mpandawo. Anagwada pamawondo penipeni pa apongozi ake, nakankha mkono wawo, n'kulowetsa chala m'kamwa mwa mwanayo. Dailes anamuluma, analira, kenako analavula. Kachipatsoko kanatuluka kathunthu, kali ndi timabala tiwiri ta mano. Samueli anatsuka m'kamwamo ndi madzi a m'chikho mobwerezabwereza, mpaka mwanayo anakwiya n'kumumenya kumaso.

Apo m'pamene anaona kuti dzanja lake lamanzere linali likugwirabe mkono wa apongozi ake. Analichotsa ngati wagwira khala lamoto, nabwerera chafutambuyo. Mayiwo anafunda nsalu kumutu. Enifa anawanong'oneza za mbuzi ija, zimene mwamuna wake anamuuza akupuma mobanika. Chinangwa chinatsala pamkeka.

Samueli anabwera kudzaima nane pachipata.

"Achimwene, zatha," anatero. "Ndawagwira. Komanso aona okha kuti kuno kuli zakupha ana."

Ndinamupatsa fodya. Sanamuyatse.

Dzuwa litapendeka alendowo anatulukira, Dailes ali kumsana kwa agogo ake. Pachipata mayiwo anaima, natembenuzira mutu kwa mwanayo.

"Dailes, uwauze bambo ako kuti nyumba yodzakhalamo inu aimange kutali ndi chitsamba chija. Ndipo amange mpanda wa bango, osati wa maluwa. Ankhoswe awatume thonje likatha kuthyoledwa."

Anayamba kuyenda, kenako anaimanso.

"Uwauzenso kuti chala chimenecho achimange. Mano amenewa ndi a kwathu."

Samueli anagwada n'kuomba m'manja pang'onopang'ono mpaka anthuwo anapotoloka panjira ya ku Khombedza. M'mawa mwake, asanatenge zidebe, anabwera kudzabwereka nkhwangwa yanga.