Phulusa la pa Malindi

Loweruka tinanyamuka pa Mangochi boma dzuwa litangotuluka, ine ndi achimwene anga a Yusufu. Ankapita ku Lungwena kukaonekera kwa amjomba, ndiye kuti amalume, a chibwenzi chawo Asiyatu, ndipo amayi anasankha ine kuti ndiwaperekeze. Ine ndithu! Ndinawanyamulira nsapato zatsopano m'jumbo kuopa fumbi.

Tinakwera lole ya matola, masauzande anayi aliyense, n'kukhala pa matumba a chimanga. Titangowoloka mlatho wa Shire, achimwene anagwira pachifuwa.

"Chilungulira chandiyamba. Ndi mandasi aja."

"Mandasi ake ati, achimwene? Onse ndadya ndine!"

Ndinawafotokozera zimene tinaphunzira kusukulu, kuti munthu akakhala ndi nkhawa asidi wa m'mimba amavuta, ndipo pachifuwa pamaotcha kwambiri.

"Iwe Halima, ine nkhawa? Khala chete."

Pa Malindi lole inaima. Mayi wina wogulitsa usipa anatsika n'kukatapa phulusa pa mbaula ya wokazinga chipisi, n'kuwapatsa achimwene papepala.

"Nyambitani, bambo. Koma malaya ositawa ndi thukuta limeneli, inu mukupita kuchikamwini!"

Lole yonse inafa nalo phwete. Achimwene ananyambita, lotsala n'kuika m'thumba. Mdala wina anati tsiku lake iye anatsala pang'ono kunyambita ndi mafuwa omwe.

Tinafika pa Lungwena dzuwa lili paliwombo. Achimwene anandinong'oneza: "Tisatsike. Tikanena kuti ndadwala." Ndinaganiza za Asiyatu akudikira pakhomo. Ndinalumpha pansi ndi jumbo ya nsapato ija n'kuyamba kuthamanga. Akanatani? Ananditsatira ndi masilipasi.

Amjomba tinawapeza pamkeka, nkhope ili gwa. Titapatsana moni anayang'anitsitsa milomo ya achimwene.

"Choyera pakamwapo n'chiyani?"

"Phulusa, amjomba. Chilungulira."

Amjomba anasisita pachifuwa pawo.

"Latsalako? Chiyambire dzulo ndikupsa. Sindinalandirepo mkamwini, ndimaopa kuti ndilankhula zotani."

Onse awiri ananyambita papepala limodzi, uku ine ndi Asiyatu tikuseka mpaka misozi kuseri kwa nyumba. Mawu ovomera ukwati anatuluka phulusa lisanathe. Mpunga ndi chambo zitabwera, palibe anagwiranso pachifuwa.

Pobwerera ndinkaimba njira yonse. Ndaphunzira kuti mimba imamva zimene mwini wake akukana, ndipo ndidzakumbukira zimenezi mayeso akayandikira. Achimwene mpaka lero akuti anali mandasi.