Bere Lomwe Rosita Sankayamwa

Chizindikiro choyamba ndinachiona posamba: bere lakumanja linali litakula kuposa linzake, lolimba ndiponso lotentha. Chinali chilimwe chachiwiri chibwerereni kwathu ku Mongue kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo tinali pakalikiliki kuumba njerwa za nyumba yathu. Mwana wanga Rosita anali ndi miyezi inayi.

Ndinabisa sabata yathunthu. Mabere anga sanafananepo chiyambire utsikana, ndiye ndinkadzinamiza kuti n'chibadwa. Kunena zoona ndinkaopa, chifukwa kumsasa ndinaonako mayi atadulidwa bere. Thupi litayamba kutentha, amuna anga anandikweza panjinga mpaka kuchipatala ku Milange.

Tinadikira pamzere mpaka masana. Namwino anayeza mabere onse awiri ndi tepi ngati ya telala, najambula pali chotupa pakhadi lomwe kuno timati fisha, nalemba manambala. Anafunsa kuti kusiyanaku kunayamba liti, ndiponso lokulirapo kale linali liti. Kenaka anati, "Tayamwitsani ndione."

Ndinakokera Rosita kukhwapa lakumanzere osamumasula kumsana, monga ndinkachitira podzaza chikombole cha njerwa.

"Nanga linalo mukusungira ndani, mayi?"

Ndinaseka ululu uli pomwepo. Dzanja lamanja linkakhalira matope, choncho mwana ankayamwa kumodzi, mkaka n'kumaundana kwinako. Namwino anandipatsa mapiritsi, nati ndizithowa ndi madzi ofunda, ndiziyamwitsa mbali zonse, ndipo Lolemba lililonse ndizibwera kudzayezedwa. Njerwa zinatsalira bambo ake a Rosita. Zinatuluka zokhota, koma sindinawauze.

Lolemba lachinayi ndinapeza dokotala wachilendo. Atagwira kachotupa kotsalako, anayamba kukamba zonditumiza ku Quelimane kuti akandione a opaleshoni.  Ndisanayankhe, namwino anangomupatsira fisha ija. Dokotala anatsata manambala ndi chala, akutsika sabata ndi sabata, nawerenganso pomwe panalembedwa kuti lakumanja linali lokulirapo kuyambira kale.

"Chikuphwa ichi," anatero. "Mpeni sukufunika. Abwerenso pakatha mwezi."

Pomatha mweziwo chotupa chinali chitatheratu. Lero ndili bwinobwino, ndimalima ndekha. Mabere akadali osiyana, ndipo sizindisowetsa tulo.

Amayi anzanga, bere likasintha pitani msanga, musachite zanga zija. Yankhani mafunso onse moona, ndipo khadi lakuchipatala musakulungire mbewu za maungu. Ine tsiku limene pakamwa panandiuma ndi mantha, pepala ndi limene linandiyankhulira.