Masamba osokedwa a ku Sanjala

Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, amayi anaika makina awo osokera pakhonde ku Sanjala, ndipo tinkadyera pamenepo. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, koma mtima wapachala ndinali nawo kale.

Tsiku lina avizinya athu, mayi a kuseri kwa mpanda, anapeza masamba a chimanga chawo atapindidwa, m'mphepete mwake atalumikizidwa ndi kaulusi koyera. Anathyola limodzi n'kuyenda nalo khomo ndi khomo. Ankati wodziwa kusoka chotere m'dera lonseli ndi mmodzi yekha, ndipo mankhwala amenewa anabwera nawo kuchokera kothawa nkhondo. Mwezi usanathe, azimayi anasiya kubweretsa makapulana. Ena anadzatenga nsalu zawo zisanadulidwe n'komwe. Amayi ankapukuta makina m'mawa uliwonse n'kungokhala, manja lende.

Ndinafunyulula tsamba lotero m'chimanga chathu. Munali kambozi kobiriwira, ka mutu waukulu. Ndinakasunga m'botolo n'kumakapatsa masamba, ndipo ndinakaona ndi maso angawa kakutulutsa ulusi pakamwa, kakukoka tsamba uku ndi uku mpaka kudzitsekera mkati. Kenaka kanasiya kudya, kanauma gwa. Patapita masiku panatuluka kagulugufe kofiirira, konenepa thupi, kouluka modumphadumpha, komwe kaja kamatera pamaluwa a nyemba dzuwa likawala.

Amayi anandituma kuti ndikaonetse avizinya aja. Iwo anayang'ana botolo, kenaka ine.

"Kodi ayamba kale kukuphunzitsa nawenso?" anatero.

Chamumtima ndinati mwafuna mankhwala, muwaona. M'mawa uliwonse popita kusukulu ndinkathyola masamba osokedwa paudzu wa m'mbali mwa msewu. Lina ndinkasiya pachitseko chawo, lina mumtondo, lina m'nsapato za amuna awo zoyanikidwa pampanda. Mayi aja anawonda. Anayenda kwa asing'anga, anawaza mchere pabwalo, ine kumangowalonjera mwaulemu, mawondo pansi. Chimanga chisanakhwime anasamukira kwa abale awo ku Lione.

Anthu onse anati mwaonatu, osoka aja ndiwo awathamangitsa. Panalibenso amene anaponda pakhonde pathu, ndipo makina tinagulitsa chaka chomwecho.

Amayi ankadziwa amene anachita. Sanandikalipire.

"Iwo aja anangonena pakamwa," anatero. "Iwe mwana wanga ndiye wawatsimikizira anthu."

Mawu amenewo amandipwetekabe. Koma ndisaname, ndikakumbukira mayi aja akukutumula nsapato, mpaka lero mtima wanga umati myaa.