Chanazi, Mkazi wa Mkamwini wa ku Bengal

Ndinadzuka nkhuku zisanalire, nyimbo za pasiwa zitayamba kuzilala. Mchemwali wanga anali chikhalire pamphasa, pambali pa bokosi la mwamuna wake. Mlamu wangayo anali wa ku Bengal, kutali uko kumbali ya India. Anabwera ku Chikwawa ali mnyamata kudzajambula kanema wa asodzi a m'dambo, n'kupeza mchemwali wanga akupalasa bwato, za kwawo zinathera pomwepo. Anakhala mkamwini wathu mpaka imvi. Khasu sankalidziwa, ndisaname. Zake zinali kulemba ndakatulo m'chinenero chakwawo, kupenta zithunzi ndi kujambula makanema amene tinkaonera pachinsalu chomangirira kumtengo. Ananeneratu kuti akadzafa adzagone m'manda a kuchikazi.

Kutacha amayi anasonkha moto kuseri kwa nyumba, milamba yowamba ili fungo lokhalokha. Anthu anabwera panjinga kuchokera kwa Lundu, ena pabwato. Dzuwa linatuluka likuwotcha kale.

Kenaka kunafika magalimoto a ku Blantyre, a anthu odzitcha anzake a malemu pa zaluso. Nthawi yonse imene mlamu ankadwala sitinaone phazi lawo, koma tsikulo anabwera ndi magalasi akuda, makamera ndi nkhata ya maluwa yaikulu ngati gudumu la thalakitala. Sanapepese munthu. Anapeza mayi wina wa pamsika, amene amalira mokweza pamaliro alionse, namujambula mpaka kukhuta. Mchemwali wanga atatuluka, mmodzi anamukankhira pambali, ati akutchinga chithunzi. Ndinanyansidwa nawo.

Pakamwa pawo panali Chanazi, kanema wa malemu amene anatchuka kunja. Mkulu wawo, wandevu zometa mwaluso, anandifotokozera ineyo kuti mawuwo ndi a Chibengali, otanthauza kuwala kwa mwezi pamadzi. Ndinangogwedeza mutu. Ndinalibe malovu otaya.

Masana tinanyamuka ulendo wa kumanda, fumbi lili kobo, alendo akuthamangira kutsogolo kwa bokosi ngati akupirikitsa mbuzi. Titafika, wandevu uja anapempha kuti anene mbiri ya malemu. Anayankhula m'Chingerezi, mphunzitsi wa pasukulu yathu akumasulira. Anatchula mizinda imene makanema anaonetsedwa, anatchula ndakatulo zimene ndikukayika ngati anawerengapo. Pomaliza anakweza dzanja, nati malemu anakhala yekhayekha kumudzi kuno, sanakwatire, mkazi wake linali luso lake.

Mphunzitsi anamasulira osasiyako liwu. Ndinayang'ana mchemwali wanga. Zaka zonse zija zotungira mwamuna wake madzi, zomutembenuza pamphasa akudwala, zinafafanizidwa pamaso pa khamu lonse, iye maso ali pansi.

Adzukulu, amene amakumba manda, anatula makasu. Kumanda liwu lawo ndi lomaliza, palibe amawatsutsa. Mkulu wawo anatuluka m'dzenje, nadzisansa dothi.

"Ife takumbira mkamwini," anatero. "Ngati kuno analibe mkazi, manda ano si ake. Galimoto muli nayo, mtengeni."

Wandevu anaseka pang'ono, poganiza kuti ndi nthabwala, koma ataona adzukulu akukoka zingwe zotsitsira bokosi n'kuyamba kuzikulunga, thukuta linamutsika. Anapepesa, nati lilime linangoterereka. Mkulu wa adzukulu anati palibe kanthu, angotchula dzina la mkazi wa malemu, ntchito ipitirire.

Wandevu uja sankalidziwa dzinalo. Anayang'ana anzake, iwo akuyang'ana makamera awo. Anayang'ana mayi wa pamsika uja, poganiza kuti mwina ndi iyeyo. Potsiriza anasendera kwa ine, nandifunsa monong'ona. Ndinamuyankha mokweza, kuti amve ndi ogontha omwe.

"Mwakhala mukulitchula chiyambire m'mawa, achimwene. Kuwala kwa mwezi pamadzi kuja, si uyo wakhala apoyo?"

Wandevu anagwada pafumbi ndi suti yake pamaso pa mchemwali wanga, natchula Chanazi. Adzukulu anamasula zingwe. Nkhata yoyamba anaika mchemwali wanga, ya maluwa a kuseri kwa nyumba. Alendo ananyamuka osadya.

Madzulo nyumba inali zii. Mchemwali anakhala pakati pa zithunzi za mwamuna wake, zonse za nkhope imodzi, kuyambira utsikana mpaka ukalamba. Ndinamufunsa ngati mtima wakhala pansi.

"Aja alibe kanthu," anatero. "Koma amene ankadziwa kundiitana tamusiya uko."