Masamu a Makoswe a Ba Muyangwa

Ba Muyangwa a ku Dambwa North ankagwira ntchito mulabotale ya pakoleji ina mu Livingstone. Ankadula chiberekero cha makoswe oyera m'tizidutswa topyapyala kuposa khoko la anyezi, n'kutipaka utoto pagalasi kuti ophunzira aone pa maikulosikopu. Pamenepo ndiye ntchito ankaitha. Kungosuzumira kamodzi ankadziwa kuti apa mkati mwakhuthala, khosweyu akanatenga bere, apa mwaphwa, nyengo yadutsa.

Tsoka lake nzeruzo ankapita nazo kunyumba. Nyengo ya khoswe imazungulira sabata isanathe, koma iwo anangoitalikitsa m'mutu n'kuyamba kuuza akazi awo, a Chipego, masiku oti sangatenge pakati.

"Osayopa Bamake Sepo, lelo ni sefu," ankatero. "Ine nimaziba vamukati."

Masamuwo anabala ana asanu ndi awiri. Wotsiriza anatsala pang'ono kutenga moyo wa mayi ake, ndipo anamwino ananena mosabisa kuti mimba ina idzakhala maliro. Ba Muyangwa anavomera mwaulemu, koma atafika kunyumba anati zolera za kuchipatala n'za anthu osaphunzira. A Chipego ankagona ndi mantha, abambo akuliza mkonono. Zinali zokwiyitsa ndithu.

Kenako mimba zinaleka. Eee, Ba Muyangwa anayamba kuyenda chifuwa patsogolo, ati masamu awo agwira ntchito! Pa Maramba Market ngakhale wogulitsa tomato sankapulumuka phunziro la chiberekero cha khoswe.

Sepo, mwana wawo woyamba, atakwatiwa, Ba Muyangwa anataya ndi manyazi a upongozi omwe. Anakhazika mkamwini wawo Chrispin pakhonde n'kuyamba kumuwerengera masiku a Sepo. A Chipego anamva ali m'nyumba, ndipo kupirira kwawo kunathera pomwepo. Anatuluka, anapinda dzanja la bulauzi, n'kugwira chala cha amuna awo kuchidinikiza pamkono. Pansi pa khungu panali kanthu kolimba ngati kamtengo ka machesi.

"Ni cani ici?" anafunsa Ba Muyangwa.

"Ni kolesa mimba ka ku kiliniki, Batate ba Sepo, ndipo aka ni kacibili," anayankha a Chipego. "Mumaona vamukati mwa koswe, koma kwanja ya mukazi wanu simunaigwilepo. Ine munafuna kunipaya na masamu yanu. Mwana wanga musiyeni."

Chrispin anazolika. Chala cha Ba Muyangwa chinakhalabe pamkonopo, chikupapasa kanthu kaja.