Chithumba Chopanda Makwinya

A Ndendende si dzina limene anabadwa nalo. Analipezera pa ntchito ya utelala. Munthu akabwera kudzayesa jekete, iwo ankamuzungulira, n'kukoka m'munsi pang'ono, n'kupukuta paphewa ndi chikhatho, kenako n'kubwerera m'mbuyo atapendeketsa mutu. Akakhutira ankangoti “ndendende,” ndipo mwini jekete ankadziwa kuti tsopano akhoza kupuma. Mawu amenewo asanatuluke, jekete sinkatuluka pakhomo, ngakhale mwini wake atalumbira kuti waikonda.

Shopu yawo inali chipinda chakumaso kwa nyumba imene ankakhala, choyang'ana kumsewu. Munali makina opalasa ndi phazi, tebulo lalitali lodulirapo nsalu, galasi lobenthuka pakona, ndi simbi imene sinkazizira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ntchitoyi anaiphunzira kwa amalume awo ali mnyamata. Amalumewo anawaphunzitsa zambiri, koma chimene chinakhazikika kwambiri n'chakuti nsalu ikachita khwinya pathupi la munthu, wolakwa si nsalu, si thupi, koma telala. A Ndendende anakula nawo mawu amenewo mpaka imvi. Anasokera masuti akwati, aphunzitsi, oyimba kwaya ndi anyamata okafunsira ntchito, ndipo onsewo ankachoka ali osalala ngati dzira. Akazi awo ankakonda kuuza alendo kuti bambowa akanapatsidwa mpata akanawasita ndi nkhope yomwe.

Anali ndi mdzukulu mmodzi yekha, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, mwana wa mwana wawo wamkazi. Mtsikanayu anabadwa ndi msana wofooka, miyendo nayonso chimodzimodzi, moti sankatha kukhala tsonga popanda chomugwira. Pakamwa pokha ndiye panalibe vuto. Ankayankhula pang'onopang'ono ngati akusankha mawu pamsika, ndipo akamaliza, nkhani inkathera pomwepo. N'chifukwa chake m'banjamo onse ankamutcha Ajaji.

Lamulungu lililonse amayi ake ankabwera naye kwa agogo pa minibasi. Kunyumba kwawo Ajaji anali ndi mpando wake wa malamba, koma unali wolemera, ndipo makondakitala akangouona ankayang'ana kumbali. Kwa agogo kunalibe chotere. Pa sofa ankapendekera kumbali. Mapilo akamuunjikira ankathawa mmodzimmodzi. Choncho tsiku lonse ankalithera pamiyendo pa amayi ake, ndipo iwo akatopa ankamugoneka pa kapeti, n'kumacheza ndi anthu akuyang'ana kudenga. A Ndendende ankatseka shopu tsiku limenelo, n'kukhala pansi pafupi naye, kumuwerengetsa mabatani ndi kumufotokozera milandu ya makasitomala kuti aweruze. Sabata yonse ankaigwirira Lamulungu.

Tsiku lina, akutsuka mbale, mwana wawo wamkazi uja anauza amayi ake motsitsa mawu kuti Ajaji wakula, ndipo manja ake sakupiriranso kumunyamula kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Lolemba ankafika kuntchito msana ukuwawa. Anati mwina aziyamba kubwera mwa apo ndi apo. Zoti agogowo azipita okha kukaona mdzukulu zinali zovuta, chifukwa mwanayo ankakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, ndipo mawondo a agogo aakazi anali atadana kale ndi masitepe.

A Ndendende anamva zonse ali pabalaza. Analowa kukhitchini n'kufunsa kuti kodi kumene Ajaji amakachita masewera olimbitsa thupi amamukhazika pa chiyani. Mwana wawo anapukuta manja, n'kutulutsa foni, n'kuwaonetsa chithunzi. Chinali chithumba chachikulu cha nsalu chili pansi, chodzaza ndi timibulu topepuka, ndipo Ajaji anali atakhala pakati pake akuseka, wopanda womugwira.

Telalayo anavala magalasi n'kuyang'anitsitsa. Mdzukulu anamuona, koma maso awo anakakamira pa nsalu. Inali yolendewera uku, yopindika uko, makwinya okhaokha.

“Wasoka ndani chimenechi?” anafunsa.

Mwana wawo anati sakudziwa, n'chogula. Iwo anapukusa mutu n'kunena kuti wosokayo ayenera kuti zoikamo zinamuthera panjira, chifukwa chikuoneka ngati thumba la zovala zakuda. Analonjeza kuti asoka chabwino kuposa pamenepo, ndiponso chachikulu, choti Ajaji, amayi ake ndi agogo ake azikhalapo onse pamodzi. Anapempha kuti Lamulungu likubweralo asalephere kubwera.

Lolemba m'mawa anayeza pabalaza ndi tepi, n'kusunthira tebulo kukhoma. Thumba lamkati analidula pa mashiti akale a pabedi, kuphatikiza awiriawiri kuti lilimbe. Lakunja analisoka ndi zidutswa za masuti zimene ankasunga m'katoni kwa zaka zambiri, zotuwa, zakuda ndi zabuluu. Akazi awo ataona anati mwana sangakhale pa chinthu chooneka ngati msonkhano wa mabwana, ndipo anatulutsa katani yawo yakale ya maluwa achikasu kuti ikhale pakati. Msoko uliwonse anaubwereza. Zipi anaibisa pansi pa kansalu kuti zala za mwana zisaipeze. Mpaka pamenepo zonse zinali bwino, ndipo aliyense wodziwa singano akanavula chipewa.

Timibulu anakatigula kusitolo ya opanga mipando. Tinali toyera, tating'ono ngati mikanda, m'matumba apulasitiki aakulu kuposa munthu koma opepuka ngati mulibe kanthu. Wogulitsa anawafunsa kukula kwa chithumbacho, n'kuwapatsa timene anati tikwanira. A Ndendende anabwera nawo matumbawo atasenza, mphepo ikuwakankhira uku ndi uku, anthu m'mashopu akufunsana ngati telala wayamba kugulitsa mitambo.

Pothira, akazi awo ankagwira kukamwa kwa thumba, iwo akukhuthula kudzera m'chidebe chimene anachidula matako. Timibuluto tinali ndi khalidwe lake. Tinkamatirira m'manja, m'tsitsi, pa makatani, ngakhale m'kapu ya tiyi. Ukatisesa tinkathawa tsache. Matumba atatha, chithumba chija chinagona pansi chofewa, chotakasuka, chofanana kwambiri ndi cha pachithunzi. Agogo aakazi anati basi, chatha.

A Ndendende anachizungulira. Anakoka apa, khwinya n'kuthawira apo. Anapukuta ndi chikhatho, nsalu n'kubwerera momwe inalili. Anavala chipewa n'kubwerera kusitolo.

Atabwerako, akazi awo anawakumbutsa kuti cha pachithunzi chinali cholendewera, ndipo mwana anakhalapo bwinobwino. Iwo anayankha kuti mwana akhoza kukhala bwino ngakhale pa ntchito yoipa, poti mwana sadziwa kudandaula.

“Ajaji sadziwa kudandaula? Mukunena mdzukulu wa ndani, bambo?”

A Ndendende anangotsegula zipi. Anathira matumba atsopanowo, ndipo ataona kuti m'makona mwatsala timakwinya, anapitanso. Wogulitsa anafunsa ngati asoka chachiwiri. Omalizawo anachita kukankhira ndi mpini wa tsache, akazi awo atakanikiza ndi bondo kuti zipi itseke. Lachisanu madzulo pabalaza panali chinthu chachikulu, chonenepa, chowala, chopanda khwinya ndi limodzi lomwe. Ukachimenya ndi chala chinkalira ngati ng'oma. A Ndendende anabwerera m'mbuyo, n'kupendeketsa mutu, n'kunena mawu awo aja.

Woyamba kuchiyesa anali mnansi wawo kalipentala, bambo wamimba yake, amene ankacheza nawo kuyambira kale. Anachisisita, n'kuyamikira misoko, kenako n'kutembenuka kuti akhale. Chithumba sichinamulandire. Anakhala pamwamba kanthawi kochepa miyendo ili m'malere, kenako anayamba kupendekeka mwaulemu, n'kugubuduka mpaka kukaima pa chitseko.

“Achimwene,” anatero ali chigonere, “ichi si chokhalapo. N'chokwera.”

A Ndendende anati vuto ndi mimba, chinthucho sanasokere anthu ooneka ngati mgolo. Kalipentala anadzuka akudzisasa, n'kunena kuti iye akapanga mpando amasiya malo a munthu, koma poti aliyense ali ndi ntchito yake, sanenanso zambiri. Agogo aakazi anangolowa kukhitchini, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Lamulungu alendo anafika dzuwa litakwera. A Ndendende anali atavala malaya ositidwa bwino, ataima pambali pa ntchito yawo ngati wogulitsa galimoto. Mwana wawo anayang'ana chithumbacho, n'kuyang'ana amayi ake. Ananyamula Ajaji n'kumukhazika pamwamba. Atangomasula manja pang'ono, mtsikanayo anayamba kutsetsereka, ndipo anamuwakha asanafike pansi. Anayesa pakati, anayesa kumapeto, anayesa kumutsamiritsa. Paliponse zinali chimodzimodzi. Pomaliza anakhala pa sofa yakale ija n'kumuika mwanayo pamiyendo monga mwa masiku onse, n'kunena kuti n'chokongola kwambiri, bambo asadandaule, mwina chidzafewa m'tsogolo. Ananena mokoma mtima, koma nkhope yake inali ya munthu amene wayamba kale kuganiza za msana wa Lolemba.

A Ndendende anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale anali oyera.

Ajaji anali akuchiyang'ana chithumbacho nthawi yonseyi. Kenako anatembenuza mutu pang'onopang'ono.

“Agogo, chakhuta kwambiri.”

“Chakhuta?”

“Ee. Mwadzaza monse. Nanga ine ndilowa pati?”

Telalayo anayang'ana mdzukulu wawo, n'kuyang'ana nsalu yosalalayo. Moyo wawo wonse ankasoka zinthu zimene munthu amalowa mkati mwake n'kuzidzaza yekha. Apa anali atadzaziratu, mwini wake asanafike. Anapita kushopu, n'kubwera ndi chidebe ndi matumba apulasitiki aja.

Atatsegula zipi, timibulu tinatumphuka ngati takhala tikudikira. Anatunga chidebe chimodzi n'kutseka msanga, ndipo paphewa pa chithumba panaoneka khwinya loyamba. Analiyang'ana ngati munthu woona mng'alu pakhoma la nyumba yatsopano. Anamukhazikanso Ajaji. Anamira pang'ono, koma anapendekekabe.

“Chotsaninso,” anatero Ajaji.

Anachotsanso. Agogo aakazi anagwira thumba lolandirira, akunena kuti mkazi mnzawoyu ndiye amamveredwa m'nyumba muno, iwo anayankhula sabata yonse ngati wailesi yopanda womvera. Kalipentala anamva phokoso n'kusuzumira pawindo, ndipo anapatsidwa tsache. Mwana wawo wamkazi ankanyamula Ajaji, kumukhazika, kumunyamulanso, tsitsi lake litayera ndi timibulu. Nthawi iliyonse A Ndendende ankafunsa ndi mawu achiyembekezo ngati pakwana, ndipo nthawi iliyonse chigamulo chinali chomwecho. Nsalu inkalendewera, maluwa achikasu aja akupindikapindika. Pena anayesa kukoka pakona mobisa kuti pasalale, akazi awo n'kuwamenya padzanja.

Matumba onse owonjezera aja atadzazanso, anamukhazika Ajaji pakati. Timibulu tinalira tsekeretsekere, n'kumupatsa malo. Anamira mpaka m'chiuno. Nsalu inakwera kumsana, n'kumugwira m'nthiti mbali zonse ziwiri, n'kusiya kamtunda kotsamirapo mutu. Amayi ake anachotsa dzanja limodzi, kenako linalo, koma anawasiya ali pafupi, okonzeka kuwakha. Mtsikanayo sanasunthe. Anayang'ana agogo aakazi, anayang'ana kalipentala ndi tsache lake, anayang'ana pawindo pamene njinga inkadutsa mumsewu. Kenako anauza agogo aamuna kuti pamphuno pawo pali kambulu.

Amayi ake anakhala pansi pambali pake, pa chithumba chomwecho, kuti aone ngati sagwa. Anatsamira pang'ono. Anthu akusesa ndi kuseka, palibe anazindikira nthawi imene anatseka maso. Anagona tulo teniteni masanasana, manja ali pamimba, opanda chonyamula. Atadzidzimuka anachita manyazi, n'kufunsa agogo aakazi ngati Loweruka likubwerali angabwere madzulo kuti agone konkuno, abwerere Lamulungu. Agogo aakazi anati afunse eni chithumba.

Eni chithumba, telala uja, anali ataitanidwa kale. Ajaji anawalozera mbali yotsalayo, ndipo A Ndendende anakhala mosamala, atakweza thalauza pamawondo kuti lisapindike. Chithumba chinawameza mpaka m'khwapa. Malaya ositidwa aja anakwinyika kuyambira pakhosi mpaka palamba, miyendo inaloza kutsogolo, ndipo anavomera motsitsa mawu kuti sipoipa.

Posakhalitsa kunamveka kugogoda kushopu. Anali kasitomala amene anaona windo lotsegula n'kuganiza zofunsa za thalauza lake. A Ndendende anayesa kudzuka. Anagwira uku, dzanja n'kumira. Anagwira uko, n'kumiranso. Anapalasa miyendo ngati kamba wogadama, akuitana kalipentala kuti awakoke, koma kalipentala anati manja ake ali ndi tsache.

Ajaji anaika dzanja lake laling'ono pamkono wa agogo ake.

“Khalani, agogo. Auzeni abwere mawa.”