Mchere Wobiriwira wa Amayi Odeta

Amayi Odeta a ku Mualadzi anabadwira ku Nsadzo, koma anakulira ku Zambia, kumene anathawira nkhondo pamodzi ndi makolo awo. Ali mtsikana ankatsuka mbale pa famu ina pafupi ndi Chipata. Wophika wa pafamupo ankaponya mumsuzi timapesi tina tobiriwira, tafungo lamphamvu. Iwo sanafunseko dzina lake, poti anali amanyazi. Nkhondo itatha anabwerera kwawo, nakwatiwa ndi a Gaspar, mlimi wa chimanga wosakonda zolankhulalankhula.

Patapita zaka zambiri, mwana wawo Ivânia, yemwe amagwira ntchito ku Tete, anawabweretsera mbewu zakudimba: kabichi, anyezi, ndi kapaketi kena kolembedwa kuti aipo. Njere zake zinali zing'onozing'ono ngati za fodya. Amayi Odeta anazitikita pachikhatho, nanunkhiza, kenaka ananunkhizanso mobwerezabwereza.

"Mayi, kwagwanji?" anafunsa Ivânia.

"Fungo ili ndikulidziwa, mwanawe. Dzina lake ndiye ndalimva lero."

Anafesa njerezo m'dimba lawo la m'mphepete mwa mtsinje, nyengo yozizira ikungoyamba. Zinachedwa kumera, mpaka a Gaspar anatopa nazo.

"Mayi a Ivânia, mukuthirira dothi lopanda kanthu apa. Tibzalepo mpiru."

Iwo anangopitiriza kuthirira, ndipo tsiku lina timasamba tinatuluka.

Aipo atakhwima, amayi Odeta anamanga mitolo panjinga kupita nayo kumsika. Anthu ankanunkhiza n'kubwezera pansi. Mayi wina anafunsa ngati anali mankhwala a chifuwa. Madzulo mitolo yonse inabwerera kunyumba itafota.

Kupatsa mbuzi kunawawawa mtima, ndiye anaganiza zofutsa monga achitira ndi masamba a nyemba, koma osawiritsa. Anaduladula, nayanika, nasinja pamodzi ndi mchere. Ulendo woyambawo zinakanika: mapesi anali asanaumitsitse, mcherewo unagwirana n'kuyamba kununkha chuku. Ulendo wachiwiri anadula mapesi mopyapyala, nayanika pamphasa pakhonde, pamthunzi, mpaka masamba atayamba kuthetheka m'manja. Mchere anayamba aukazinga pang'ono m'phale kuti uchoke chinyezi. Atasinja mumtondo n'kusefa, unatuluka wosalala, wobiriwira ngati ufa wa therere.

Anathirako mu nyemba osawauza amuna awo. A Gaspar anadya, nanyambita zala, kenaka anasuzumira m'mbale.

"Kodi mwaikamo nyama muno?"

"Iyayi, bambo. Ndi dothi lanu lopanda kanthu lija."

A Gaspar anaseka mpaka kutsamwa.

Mcherewo unadziwika pa ukwati wa mwana wa a Florência, anansi awo, pamene amayi Odeta anauwaza mumphika wa nyama ya mbuzi. Amayi ophika anawazungulira kufunsa. Kuyambira pamenepo anthu amabwera ndi timabotolo, ndipo wofuna kuphunzira amamukhazika pamtondo kuti asinje yekha. Ena anatengako mbande, koma ambiri zinawafera, chifukwa aipo safuna kusowa madzi ngakhale tsiku limodzi.

Masiku ano maondo akuwavuta, moti ndowa zothirira amanyamula ndi a Gaspar. Chaka chino amayi Odeta asiya mitengo ingapo ya aipo osadula kuti ichite maluwa, apezepo mbewu yawoyawo. Maluwawo atuluka oyera, ang'onoang'ono, ndipo njuchi zikuchulukapo. Ngati njerezo zidzamere sakudziwa, koma a Florência ayamba kale kugawula bedi m'dimba mwawo.